Stir-fry wa nkhuku ndi chainizi pa mbaula, osasanduka ndiwo zamsuzi

Anzanga ambiri amene anayesapo stir-fry, kaphikidwe kokazinga nyama ndi masamba mwachangu pa moto waukali mukutakasa, amadandaula chinthu chimodzi. Pa foni zimaoneka zowala, masamba obiriwira bwino, nkhuku yofiirira m'mbali, koma ukapanga wekha zimatuluka ngati kabichi wa ku boarding, madzi ali thoo pansi pa poto, nyama yolimba ngati labala. Ineyo ndinadutsamo katatu konse. Ulendo woyamba ndinathira zonse pakamodzi mu poto wa ndiwo, makala atayamba kale kuzilala, kenaka ndinavindikira poopa kuti sizipsa. Bambo a kunyumba anadya mwaulemu osayankhula kanthu, koma apongozi anangoyang'ana m'mbale nkufunsa kuti "kodi mwana wanga, tomato wasowa kumsika?" kkkk.

Chomwe chinandikakamiza kuphunzira bwinobwino ndi sikelo ya kuchipatala. BP inali itayamba kukwera, mimba ikutsogola, ndiye anandiuza zija amauzidwa aliyense, chepetsani mafuta, chepetsani mchere, muzidya masamba ambiri. Kunena nkosavuta. Ndiwo zathuzi ukachotsa mafuta ndi mchere zimazizira mkamwa, sabata imodzi yokha munthu wabwerera ku tchipisi cha pachiwaya pa Kamuzu Road. Kaphikidwe ka ku China, Thailand ndi Vietnam kanandigwira mtima chifukwa kukoma kwake sikudalira mafuta, kumachokera ku jinja, adyo, tsabola, kachowawasa pang'ono ndi moto waukali. Ndipo zambiri mwa izi zili pamsika wathu womwe uno wa Salima. Chainizi yemwe timamuphika mpaka kulefuka uja, dzina lake lomwe likukuuzani kwawo.

## Zida zofunika

- Chiwaya chokuya pakati, ngati chija cha anyamata a tchipisi koma chocheperako. Wok yomwe mumaiona m'mavidiyo ndi chiwaya basi, musapusitsidwe ndi dzina. Ngati mulibe, felempani yaikulu yolemera ichita. Poto wa ndiwo ayi, ndi wozama, nthunzi imatsekeredwa mkati ndiye masamba amawira m'malo mokazingika. Felempani zija zosamata zopaka zakuda mkati musaziike pa makala aukali, zimasupuka.
- Mbaula ndi makala okwanira, osati timakala totsala dzulo. Gasi ali bwino kwambiri. Hot plate imachedwa kutentha, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito mwagwa nayo.
- Mpeni wakuthwa ndi thabwa lodulirapo. Ngati thabwa ndi limodzi, mulitsuke ndi sopo mukatha kudula nkhuku.
- Mthiko wautali.
- Timbale 4 kapena 5 toikamo zodulidwa.
- Supuni yaikulu yodyera ndi yaing'ono ya tiyi, zoyezera. Kuyeza ndi maso ndi komwe kunatifikitsa pano.
- Kamtondo kosinjira adyo ndi jinja.

## Zogula, za anthu 4

- Chidale kapena ntchafu za nkhuku, theka la kilo, khungu ndi mafupa mutachotsa
- Chainizi timitolo 2
- Karoti 2
- Giriini pepa 1
- Anyezi 1 wamkulu
- Zitheba dzanja limodzi
- Adyo timagawo 4
- Jinja wamuwisi, kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu
- Kambuzi 1, kapena theka ngati ana adya nawo
- Soy sauce (sosi wakuda wamchere wopangidwa ndi soya) masupuni aakulu 2
- Ndimu 1, kapena bwemba pang'ono wonyika m'madzi ofunda
- Uchi supuni yaing'ono 1
- Ufa wa chinangwa masupuni aang'ono 2
- Mafuta ophikira masupuni aakulu 2, ndanena 2
- Mtedza wokazinga kapena chitowe, wowaza pamwamba
- Mpunga makapu 2

Pa nkhuku ndinenepo. Yachikuda ndi yokoma, palibe angatsutse, koma pa kaphikidwe aka ndi yolimba, mphindi 4 pa moto siimva kanthu. Gulani broila. Ngati ndinu aja osadya broila, yachikudayo muiwiritse kaye mpaka ifewe, muinyotsole, mudzaithire kumapeto. Soya pieces nazonso zimalowa bwino, mungozinyika m'madzi otentha nkuzifinya kwambiri, koma kapaketi ka zokometsera kobwera mkati kaja kasiyeni, ndi mchere wokhawokha.

Soy sauce ndiye chinthu chokha chomwe chimavuta. M'magolosale ang'onoang'ono sapezeka kawirikawiri, ine ndimatuma aliyense wopita ku Lilongwe, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha pa M14, ndipo botolo limodzi limakhala miyezi. Akasowa musalekeretu kuphika. Anthu a ku Thailand ndi Vietnam amakometsera ndi fish sauce, yemwe amapangidwa ndi tinsomba ting'onoting'ono tonga usipa, tosungidwa mu mchere kwa miyezi yambiri. Ife usipa tili nawo pakhomo. Tengani usipa wouma dzanja limodzi, chotsani mitu, kazingani popanda mafuta mpaka uume gwaa, sinjani, sefani. Supuni yaing'ono 1 ya ufa umenewu ndi kamchere pang'ono zimalowa m'malo mwa soy sauce, kakomedwe kamasiyana koma kuzama kuja kumakhalapo. Mugule wa pathandala, woumika pansi uja umakhala ndi mchenga ndipo ukasinjidwa mchengawo sungachokenso.

Ufa wa chinangwa musadabwe nawo. Ku Thailand amalimbitsira sosi ndi sitachi ya chinangwa chomwechi, amaitcha tapioca. Anzathu a ku Nkhotakota amene kondowole sasowa m'nyumba, apa mwapambana.

## Kaphikidwe kake

1. Yambani ndi mpunga. Stir-fry amapsa mu mphindi zosakwana 15 ndipo sadikira munthu, akakhala amatuluka madzi. Ndiye mpunga upse kaye, muuphule, muusiye wovindikira pambali. Osathiramo mafuta kapena majarini, madzi okha basi. Ngati mbaula ndi imodzi, mukaphula mpunga onjezerani makala kuti aziyaka pamene mukudula zinthu.

2. Dulani nkhuku mopyapyala. Tizidutswa titali ngati chala koma topyapyala, mukudula mopingasa ulusi wa nyamayo, osati motsatira. Ikani m'kambale, thirani soy sauce supuni yaikulu 1, ufa wa chinangwa supuni yaing'ono 1, ndi theka la jinja wosinja. Sakanizani ndi dzanja mpaka kachidutswa kalikonse katerereke. Ufawo umakuta nyama kuti madzi ake asathawe pamoto, nchifukwa chake nkhuku ya m'malo odyera achi China imakhala yofewa chonchija. Ikhale mphindi 15.

Chenjezo: kutentha kwa kuno mukukudziwa, makamaka Okutobala ndi Novembala. Nkhuku yaiwisi isakhale panja kupitirira theka la ola. Ngati muchedwa ikani mu furiji.

3. Tsukani masamba, kenaka muwaumitse. Apa ndi pamene ambiri timagwera osadziwa. Tinazolowera kutsuka masamba nkuwaponya mu poto madzi akuchucha, pa ndiwo zathu palibe vuto chifukwa tikufuna ziwire. Pa stir-fry madzi amenewo amaziziritsa chiwaya nthawi yomweyo. Kung'unthani masambawo, yalani palichero kapena pa nsalu yoyera mpaka aume.

Madzi otsukira akhale otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini. Masambawa akhala pamoto kanthawi kochepa kwambiri, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 tonse a m'mbali mwa nyanja tikuikumbukira, zosaseweretsa.

4. Dulani molingana ndi kulimba kwake, chilichonse m'kambale kake. Karoti mopyapyala mopendeketsa mpeni, zitheba zidutswa ziwiri kapena zitatu, izi zikhale pamodzi chifukwa zimachedwa kupsa. Giriini pepa ndi anyezi zidutswa zazikulu ndithu, mbale ina. Chainizi mumupatule, mapesi oyera aja paokha, masamba obiriwira paokha. Ndipo chonde musamudule mosalala ngati tikudula mpiru wotendera, akhale zidutswa zotambalala ngati zala zitatu, akachepa kwambiri amasungunuka. Adyo, jinja wotsala ndi kambuzi sinjani pang'ono, osati mpaka phala, muike pakambale kakang'ono.

Mukagwira kambuzi sambani m'manja ndi sopo musanagwire kumaso kapena mwana. Ndinaphunzira molira.

5. Sakanizani sosi mu kapu. Soy sauce wotsala supuni yaikulu 1, uchi, ufa wa chinangwa wotsala, madzi masupuni aakulu 4. Ngati mukugwiritsa bwemba thirani madzi ake supuni yaikulu 1 pompano, ngati ndi ndimu dikirani kumapeto. Takasani. Ufawo umakhazikika pansi, ndiye mudzatakasenso musanathire m'chiwaya.

Musaike chiwaya pamoto zonsezi zisanakhale pafupi ndi mbaula, pamalo oti dzanja lifika mutakhala pampando. Moto ukayamba mulibe nthawi yothamangira m'nyumba kukasaka mpeni.

6. Konzani moto. Ili ndiye gawo lalikulu pa nkhani yonseyi ndipo mbaula yathu ili ndi mwayi kuposa ma cooker ambiri odula. Makala akhale odzaza, onse atafiira, osati akuda pamwamba ofiira pansi. Tsegulani kachitseko ka mbaula, kupizani mpaka muzimva kutentha kumaso. Ikani chiwaya chopanda kanthu kwa mphindi 2. Dontheza kadontho ka madzi, kakangoti tsaa nkusowa nthawi yomweyo, chiwaya chakonzeka. Kakakhala nkumabwadamuka pang'onopang'ono, dikirani, kupizaninso.

Phikirani panja kapena pakhonde. Utsi wa kambuzi pachiwaya chotentha umatsokomoletsa nyumba yonse, komanso makala aukali m'chipinda chotseka ndi oopsa, mpweya wake umapha mwakachetechete. Ana atalikire, chitenje muchimange bwino.

7. Kazingani nkhuku, theka kaye. Thirani mafuta supuni yaikulu 1, zunguzani chiwaya kuti afalikire. Ikani theka la nkhuku, yalani kachidutswa kalikonse kakhudze chitsulo, ndiye muisiye. Osaigwira kwa mphindi 1 yathunthu. Dzanja limayabwa kufuna kutakasa, ndikudziwa, koma kufiirira kuja kumabwera nyama ikakhala chete pachitsulo chotentha, ndipo mukaikakamiza msanga imamata nkung'ambika. Ikafiirira tembenuzani, mphindi zina 2, phulani muike m'mbale yoyera. Chitani chimodzimodzi ndi theka linalo, mafuta otsala m'chiwaya akwanira.

Mukathira yonse pakamodzi chiwaya chimazizira, nkhuku imatulutsa madzi oyera aja nkuyamba kuwira m'madzi ake omwe, ndi pamene imalimba. Mukaona madzi akusonkhana pakati, chotsani nyama ina msanga nkukupiza moto.

Dulani kachidutswa kakakulu muone mkati, kakhale koyera, kopanda kufiira kulikonse. Mbale yomwe munali nkhuku yaiwisi isabwererenso pafupi, ipite kotsuka.

8. Adyo, jinja ndi kambuzi, masekondi 20. Thirani supuni yachiwiri ya mafuta, ponyani zitatuzi, takasani osaleka. Fungo likangokufikani pamphuno pitani pa gawo lotsatira. Adyo amapserera msanga kwambiri ndipo akada amawawa ngati mankhwala a malungo, palibe chomwe mungathire kuti chibise. Akapserera, tayani, pukutani chiwaya, sinjani wina, ndi bwino kutaya adyo kusiyana ndi kutaya mbale yonse.

9. Masamba, olimba patsogolo. Karoti ndi zitheba mphindi 2 mpaka 3, mukutakasa. Mukaona kuti zikufuna kupserera zisanapse, musaonjezere mafuta, thirani madzi supuni yaikulu 1 m'mbali mwa chiwaya, nthunzi yake imapsetsa mwachangu nkuuma. Kenaka anyezi, giriini pepa ndi mapesi a chainizi, mphindi 1 kapena 2. Masamba obiriwira a chainizi ndi omaliza, amaoneka ngati phiri koma pa masekondi 30 afota. Musavindikire nthawi ina iliyonse.

Zitheba zokha onetsetsani zapsa, zisamanunkhe uwisi. Zinazo zikhale zoti ukaluma zikumveka khrr pang'ono. Kwa ife tinakulira masamba ofewa, izi poyamba zimamveka ngati zosapsa, ndipo apongozi anga mpaka lero amati "ndiwo zothawitsa pamoto". Mukawaphikira akuluakulu onjezerani mphindi 1, koma osafika poti mtundu wobiriwira uja uthe.

10. Bwezerani nkhuku, thirani sosi. Takasani sosi mu kapu muja, thirani mozungulira, sakanizani zonse. Pasanathe mphindi 1 muona sosi akulimba nkuwala, akumata pa masamba ndi nyama. Phulani pomwepo. Finyirani ndimu chiwaya chitachoka pamoto, ndimu wowira amataya fungo. Lawani. Mukamva ngati mchere wachepa, yambani mwaonjezera ndimu kaye, nthawi zambiri chimene chasowa ndi kuwawasa osati mchere. Wazani mtedza wosinja mokhakhala kapena chitowe, dzanja laling'ono lokha pa chiwaya chonse.

11. Gawani nthawi yomweyo. Anthu akhale atasamba kale m'manja.

## Nkhani ya mpunga, pamene thupi limabwerera

Mutha kuphika stir-fry wabwino ndi mafuta ochepa koma sikelo osasuntha, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi mpunga. Kuno mpunga ndi wapafupi, wa ku Lifuwu, wa ku Bua, ndipo Kilombero akanunkhira m'nyumba munthu umaiwala zonse zomwe unalonjeza kuchipatala. Timadzaza mbale ngati chulu nkuika ndiwo pang'ono pamwamba ngati chipewa. Tembenuzani. Theka la mbale likhale masamba, kota nkhuku, kota mpunga, ndiye kuti mpunga wofanana ndi nkhonya yanu. Sabata yoyamba mumva ngati mwabedwa, koma masamba olimba aja amafuna kutafuna ndipo amakhalitsa m'mimba. Amene amagwira ntchito ya mphamvu, kupalasa kabaza, kukoka makoka, kulima, aonjezere mpunga ndithu, ine ndikunena ife okhala pa desiki ndi pa shopu tsiku lonse.

Ndi nsima zimayendanso, mtanda umodzi, olo kondowole. Bambo a kunyumba amati tsiku lopanda nsima agona ndi njala, ndiye ndinasiya kulimbana nawo, ndimangowaonjezera madzi pang'ono mu sosi kuti apeze posunsa.

Mpunga wotsala musausiye mu poto usiku wonse kunja kukutentha. Mu mpunga mumakhala tizilombo tina tosafa ndi moto, ukakhala wofunda kwa maola ambiri timaswana nkusiya poizoni yemwe ngakhale mutenthetse mawa satha. Uyaleni pa mbale uzizire msanga, ulowe mu furiji pasanathe ola limodzi kapena awiri, mudye mawa lake. Ngati mulibe furiji phikani wokwanira basi.

## Tsiku lina yesani chambo cha nthunzi

Ichi nchosavuta kuposa stir-fry, ndipo ndimadabwa kuti ife eni ake nyanja tinazolowera kumiza chambo m'mafuta pamene anthu a kumwera kwa China nsomba yabwino amaiphika ndi nthunzi yokha. Koma chimafuna nsomba ya lero lomwe, chifukwa palibe mafuta kapena tomato wobisa fungo. Pitani m'mamawa ku Senga Bay, kapena ngati mukudutsa pa M5 imani pa Chia. Maso akhale owala, makha ofiira bwino, ukadina mnofu uzibwerera. Kumapeto kwa chaka nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, musalimbane ndi tichambo tating'ono, gulani cha m'madamu.

1. Palani mamba, tumbulani, tsukani bwino mkati makamaka magazi a pamsana ndi kakhungu kakuda ka m'mimba, ndi komwe kumachokera fungo. Pukutani chiume. Chekani mizere 3 mbali iliyonse.
2. Ikani tizidutswa ta jinja m'mizeremo ndi m'mimba. Goneketsani chambo pa mbale yachitsulo.
3. Mu sefuliya yaikulu ikani kambale kozondotsa kapena timiyala 3 totsuka, thirani madzi osafika pamwamba pake, awire kwambiri.
4. Khazikani mbale ya nsomba pamwamba, vindikirani zolimba. Apa pokha ndi pamene kuvindikira kukuloledwa. Chambo chapakatikati mphindi 10 mpaka 12, chachikulu 15. Osatsegulatsegula. Lasani ndi foloko pamsana pokhuthala, mnofu ukasiyana ndi munga mosavuta chapsa. Potsegula chivindikiro chiloze kutali ndi nkhope, nthunzi imawotcha kuposa madzi.
5. Tayani madzi omwe asonkhana pa mbale, amanunkha nsomba. Yalani masamba a anyezi odula ndi jinja wina wopyapyala pamwamba.
6. Tenthetsani mafuta supuni yaikulu 1 mpaka ayambe kufuka, tsanulirani pa anyezi paja, kulire tsaa. Kenaka soy sauce supuni 1 m'mbali ndi ndimu.

Nsomba ya m'nyanja yathu musaidye yaiwisi potengera sushi ya pa intaneti, nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi.

## Kasaladi kapambali

Papaya losapsa, lobiriwira lolimba lija, ku Thailand amapangira saladi wotchedwa som tam. Sendani, tsukani utomoni, palani pa gireta theka lake. Sinjani adyo kagawo 1, kambuzi kachidutswa, ufa wa usipa pang'ono, uchi pang'ono ndi ndimu wambiri, sakanizani ndi papayalo, tomato 1 ndi mtedza. Mulibe dontho la mafuta. Nthawi ya mango, mango aawisi amachita bwino kuposa papaya, ndipo ku Salima kuno sitigula nkomwe. Amayi oyembekezera papaya losapsa alisiye, apange ndi nkhaka.

## Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kuthira mchere pamwamba pa soy sauce. Soy sauce ndi mchere wamadzi. Supuni yaikulu imodzi ili ndi pafupifupi theka la mchere womwe munthu akuyenera kudya tsiku lonse, pajatu bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati tisapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi yokha. Masupuni 2 pa anthu 4 ali bwino, koma mukaonjezera mchere wa m'botolo, kakyubu ka supu, kenaka wina nkuthiranso soy sauce pa mbale yake, ndiye kuti BP ija mwaiitana nokha. Amene ali pa mankhwala a BP kapena shuga apitirize kumwa, kaphikidwe aka sikalowa m'malo mwa mapilitsi.

Kuthira mafuta kuchokera m'botolo. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi ma calorie pafupifupi 120. Dzanja likapendeketsa botolo limathira masupuni 5 kapena 6 osamva kanthu, ndipo masamba amamwa onsewo. Tsiku lina thirani mmene mumathirira masiku onse koma mu kapu, kenaka muyeze ndi supuni, mudzakhala pansi.

Kuthira tomato. Ndikudziwa kuti ndiwo zopanda tomato kwathu kuno zimaoneka ngati za pamaliro osauka, koma tomato ndi madzi, akalowa m'chiwaya basi mwabwerera ku ndiwo zamasiku onse. Ngati mtima sukupirira, mudule wamuwisi muike pambali.

Kuthira soda kapena chidulo kuti masamba afewe. Pa therere ndi nkhwani zili ndi malo ake. Pano zimaphwetekeretsa chainizi ndipo zimaononga mavitamini ena omwe mukuwafunawo.

Kuphikira anthu 10 pa chiwaya chimodzi. Kukabwera alendo musachulukitse zonse pakamodzi. Phikani maulendo awiri kapena atatu, ulendo uliwonse mukupize moto ndi kutsuka chiwaya pang'ono. Kapena aphikireni nkhuku ya msuzi mwachizolowezi, stir-fry musunge tsiku la banja lokha.

Jinja wa ufa m'malo mwa wamuwisi. Wa ufa uja ndi wa mu tiyi ndi zigumu, pachiwaya amapserera nkuwawa. Wamuwisi akatsala mukwirireni mu mchenga wouma pamthunzi kapena mu furiji, ndipo kachidutswa kakayamba kumera kabzaleni mu chidebe kuseri kwa nyumba.

Shuga wambiri mu sosi. Masosi ogula m'mabotolo olembedwa sweet chilli kapena sweet and sour ndi shuga wokhawokha, werengani kumbuyo kwa botolo muone chomwe chalembedwa koyambirira. Supuni yaing'ono imodzi ya uchi ikukwanira, ndipo mukafuna ukali wambiri dontho la Nali pa mbale yanu lichita.

Kutsuka chiwaya chachitsulo nkuchisiya chonyowa. M'mbali mwa nyanja muno dzimbiri sichedwa. Mukatha tsukani ndi madzi otentha, chiikeni pa makala otsala aja chiume, pakani kadontho ka mafuta ndi kansalu. Chikamada pang'onopang'ono musachikwechese ndi mchenga kuti chiwale, kuda kumeneko ndi komwe kumaletsa nkhuku kumata. Changa mwana wa achemwali anachikwecha mpaka mbee tsiku lomwe anabwera kudzacheza, anandionetsa monyadira, ndipo zinanditengera mwezi wathunthu kuti chibwerere mwakale.